Ya Mbewa Kapena ya Khoswe

Ku Labu ya Kafukufuku,
Pafupi ndi Chamama,
Kasungu.

Lachinayi, 14 Malichi 2024.

Okondedwa achimwene anga a Raymond,

Choyamba landirani moni, inu ndi alamu anga a Gladness, ndi kamwana kathu Favour, kamene ndamva kuti tsopano mukakayankhula m'Chichewa kakumayankha m'Chizulu. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tadzuka, matupi ali bwino.

Mauthenga anu atatu a pa foni ndinawamvera, ndipo ndikudziwa kuti munaona kuti ndawamvera. Musandiyese wamwano. Katatu konse mawu anu anali omwewo: "Nthanda, zotsatira zija zatuluka? Chipinda chako ndapenta kale." Ndayesa kasanu kujambula yankho, kasanu konse ndafufuta. Ndiye ndati ndilembe pa pepala monga tinkachitira muli ku sekondale, poti pepala silidula munthu mawu. Sabiha, mwana wa a Bakili a golosale ya pa Chamama, akukwera basi Loweruka kukaoda katundu wa Idi, ndiye adzakupatsani kalatayi pamanja.

Za kumudzi ku Lukwa: fodya wacha, zigafa zadzaza mpaka kudenga, ndipo abambo akuti wa chaka chino masamba ake ndi ngati a nthochi. Muwadziwa abambo pokometsa nkhani. Amayi mkono uja ukadali womwewo. Chikhakha anachotsa kalekale, koma ndowa sanyamula, ndipo singano yosokera fodya imawapulumuka. Akusokabe ndi dzanja lamanzere, akuti kukhala pansi n'kumaonerera anzako akugwira ntchito ndi matenda enanso. Auza kale amayi onse a Chigwirizano kuti mwana wawo akupita ku Joni kukaphunzira udokotala wa mafupa. Nditawauza kuti si udokotala, anati, "Nanga iwe, ndikanene pamaso pa anthu kuti ukukaphunzira makoswe?"

Ndazungulira mokwanira. Mawa Lachisanu a Kalekeni alandira kalata yowachotsa ntchito. Mukuwakumbukira a Kalekeni a ku Kaomba, amene anali tenanti pa esiteti limodzi ndi abambo, aja ankakupangirani magalimoto a mawaya? Ndiwo amasamala nyama kuno ku labu, chino ndi chaka chawo chachisanu ndi chimodzi. Akuchotsedwa chifukwa cha liwu limodzi. Ndilongosole kuyambira pachiyambi, poti inu mumangodziwa kuti mlongo wanu "ali pa makoswe".

Amayi atagwa pa chigafa chaka chatha, fupa linatha miyezi isanu osalumikizana. Ndikuwaperekeza kuchipatala ndinapeza amayi ena atatu pa benchi lomwelo, onse a m'fodya, onse mafupa ochedwa kupola. Mwina zinangochitika. Koma inu ndi ine tinakulira m'mizere ya fodya, mukudziwa chizungulire ndi nseru zimene zimagwira munthu akathyola fodya wa mame, ululu wa m'masamba ukalowera pakhungu. Ndinadzifunsa kuti ngati ululuwo umafika kumutu ndi m'mimba, kumafupa ulekerenji? Ndinalemba maganizowo n'kuwapereka kwa abwana anga, a Dokotala Khadija Yassin. Mayi amenewo sachedwa kukana zinthu, koma izi anawerenga kawiri n'kunena kuti, "Tiyese."

Fupa si mtengo wouma, achimwene. Limadzimanga tsiku ndi tsiku, ndipo likamadzimanga limataya kanthu kena m'magazi, dzina lake osteocalcin, monga mmisiri amasiya fumbi la simenti pamene akumanga. Kakachuluka m'magazi ndiye kuti kumanga kuli m'kati. Kakachepa, ntchito yaima. Tinatenga makoswe oyera makumi awiri ndi anayi. Khumi ndi awiri tinkawapaka pamsana madzi a mame ochokera pa masamba a fodya, enawo madzi wamba, m'mawa uliwonse kwa masabata asanu ndi atatu. Kumapeto kwa Febuluwale tinawagoneka onse n'kutenga magazi. Tsiku limenelo a Kalekeni sanadye. Magazi a khoswe ndi ochepa, sadzaza ndi supuni yomwe, komabe a Dokotala analamula kuti a khoswe aliyense tiwagawe m'timachubu tiwiri tisanawaike mu furiji. Ine ndinkaona ngati kuchedwetsana. Makoswe amenewo kulibenso, ndipo fodya wa mame sadzapezekanso mpaka chaka chamawa. Zonse zimene tili nazo ndi timachubu timeneto.

Poyeza kanthu ka fupa kaja timagwiritsa ntchito kiti yochokera kunja, yotchedwa ELISA. Ndi kabokosi ngati ka nsapato za mwana, m'kati muli timabotolo ta mankhwala ndi kambale kapulasitiki ka timaenje 96. Pansi pa kaenje kalikonse anamatapo mankhwala ogwira chinthu chimodzi chokha, ngati msampha wotcherera nyama imodzi, ina ikadutsa suwonjoka. Kiti imatsegulidwa kamodzi, ikatero yatha. Ife tinaloledwa imodzi yokha, ndipo inatenga masabata asanu ndi awiri kuti ifike. A Kalekeni ankaitcha Eliza. M'mawa uliwonse ankandifunsa, "ANachisale, Eliza wanu uja sanafikebe? Mkazi wonyada ameneyo, ngakhale wolowola sachedwa chonchi."

Tsopano ndikuuzeni za liwu lija. Tsiku langa loyamba pano, mu Seputembala, ndinalowa m'chipinda cha makola n'kufunsa kuti, "Makoswe alipo angati?" A Kalekeni anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Tsitsani mawu, aNachisale, zikumva," anatero. "Khoswe ndi wakuba. Amaboola thumba la chimanga, amaluma mwana chala ali m'tulo. Nanga izi zaba chiyani? Zimasamba kumaso kuposa inu ndi ine. Izi ndi mbewa, mbewa zoyera za a Dokotala."

Ndinawauza, ndi digiri yanga yonse, kuti m'mabuku mbewa ndi nyama ina, khoswe ndi nyama ina. Anati, "Mabukuwo anazidyetsapo?" M'kaundula wawo wa chakudya ndi utuchi amalemba mbewa tsamba lililonse. Ndinakangana nawo sabata imodzi, yachiwiri ndinkangoseka, pofika Khirisimasi nanenso ndinkati mbewa zathu osazindikira. A Dokotala za ntchito amayankhula m'Chingerezi, ndipo masiku ambiri amakhala ku ofesi yathu yaikulu ku Lilongwe, choncho sanazisamale.

Kiti inafika Lachisanu lapitali. A Dokotala anaimba ali ku Lilongwe: "Iike mu furiji, usaitsegule. Ndibwera Lachiwiri, tidzagwirire limodzi." Ndinavomera. Koma mukudziwa kuti sukulu ya kwanuko ikufuna kalata ya a Dokotala ndi zotsatira zoyamba pofika pa 28 mwezi uno. Loweruka ndinatsegula furiji kanayi kungoyang'ana kabokosiko. Lamulungu ulaliki wonse sindinaumve. Lolemba m'mawa ndinadziuza kuti ndinaigwirapo kiti yotere kawiri ku koleji, nanga ndidikirirenji? Ndinkafuna kuti a Dokotala akamatsika m'galimoto ndiwalandire ndi manambala m'manja. Ndinang'amba bokosi, chivundikiro ndinachiponya pambali osachiwerenga.

Ndinasungunula kachubu kamodzi ka khoswe aliyense. Ndinadontheza magaziwo m'timaenje ndi paipeti, kachipangizo koyamwira madontho. Kumbali kuli mizere iwiri imene timathiramo mankhwala oyerekezera obwera ndi kiti, kuti tidziwe ngati ikugwira ntchito. Ndinadikira maola awiri, ndinatsuka, ndinathira botolo lachiwiri, ndinadikiranso, ndinatsukanso. Kenako botolo lobweretsa mtundu. Pamene pali kanthu ka fupa, madzi amasanduka abuluu, ndipo ukathira botolo lomaliza amakhala achikasu.

Mizere yoyerekezera inayamba kusintha, buluu weniweni ngati yunifolomu ya ana a pulayimale. Timaenje ta makoswe a fodya tinakhala toyera ngati madzi a pa mjigo. Achimwene, ndinakuwa. Ndinati ndapeza, mafupa awo analeka kumanga! Ndinaona kale dzina langa pa pepala, ndinaona amayi akuuzidwa kuti sanali aulesi pochira. Kenako maso anga anapita ku timaenje ta makoswe a madzi wamba, amene sanakhudzeko fodya. Natonso tinali toyera chimodzimodzi.

Ndinatola chivundikiro pansi. Mawu ake anali aakulu, ofiira, oti ndi mwana wa sitandade faifi yemwe akanawerenga: "Mouse". Kiti ya mbewa. Kapepala ka m'kati kanachita kunena poyera kuti magazi a khoswe siiwazindikira. Msampha wa mbewa, ine n'kutcherera khoswe.

Ndikuululireninso ichi, poti ndayamba kale. Ndinaikabe kambaleko m'makina owerenga mtundu, ndipo manambala a makoswe a fodya anatsikirako pang'ono, ngati tsitsi limodzi. Si kanthu, ndi fumbi chabe la makina. Koma ndinakhala ndi cholembera m'manja kwa kanthawi ndithu, ndikuganiza kuti bokosi litatayika ndani angadziwe. Sindinalembe. Musandiyamikire, chimene chinandiletsa ndi mantha, osati chilungamo.

Lachiwiri a Dokotala anafika cha m'ma teni. Anayang'ana kambale, anayang'ana chivundikiro, anandiyang'ana ine. Ali pa kusala kwa Ramadhani, milomo inali youma, ndipo sanakweze mawu. Bola akanakuwa.

"Theka la magazi lapita chifukwa cha phuma lako," anatero. "Zimenezo tikambirana ine ndi iwe. Koma ngakhale ukanandidikira, kiti ikanakhala yomweyi. Ndikufuna ndidziwe kuti yolakwika inabwera bwanji."

Anaimbira a Evelyn, amene amagula katundu wa labu ku ofesi ya ku Lilongwe, n'kuika foni poti tonse timve. A Kalekeni anali pakhomo ndi ndowa ya utuchi. A Evelyn ndi munthu wolemba chilichonse, tinamva akutembenuza masamba.

"Fomu inabwera yopanda mtundu wa nyama, a Dokotala. Ndiye pa 16 Januwale ndinaimba pa foni ya ku labu kufunsa kuti ikhale ya mbewa kapena ya khoswe. Anayankha ndi a Kalekeni. Anati ya mbewa."

A Dokotala anatembenuka. "Bambo Kalekeni, n'zoona?"

A Kalekeni anaika ndowa pansi, anavula chipewa. "Ndinanenadi ine, a Dokotala."

"Ndani anakupatsani mphamvu yoyankha za kiti?"

A Dokotala anatenga kaundula wawo pa shelefu n'kuyamba kutsegula. Mbewa, mbewa, mbewa, tsamba lililonse. Anautseka pang'onopang'ono.

"Zaka zisanu ndi chimodzi simukudziwa nyama imene mumadyetsa? Munangoyenera kunena kuti dikirani ndiitane Nthanda. Mawu atatu okha. A ku ofesi afunsa, ndipo ndilibe chokutetezerani. Lachisanu mudzabwere mudzatenge kalata."

Kwa ine anati kalata ya sukulu alembabe, afotokoza za ntchito imene ndagwira ngakhale zotsatira palibe, poti kusawerenga bokosi ndi ubwana ndipo ubwana umatha. Ndinathokoza. Ndinachita kunena kuti zikomo kwambiri, a Kalekeni ali pomwepo.

Achimwene, apa ndi pamene ndinkafufutira mauthenga aja. Pa 16 Januwale ine ndinali m'chipinda momwemo. Ndinali nditavala magolovesi, khoswe kudzanja lina, thonje la mame a fodya kudzanja lina, ndipo foni inkalira osaleka. Ndinati, "A Kalekeni, tayankhani chonde." Anayankha, anamvetsera, kenako anatseka foni ndi chikhatho.

"Ndi a Evelyn. Akufunsa kuti Elizayo akhale wa mbewa kapena wa khoswe."

Ine maso ali pa msana wa nyama, ndinati, "Wa mbewa zathuzi."

Iwo sanabwereze msanga. Anati, "ANachisale, paja munkati m'mabuku dzina lake ndi..."

Ndinawadula. Ndikukumbukira mawu anga enieni, ndiwalemba monga ndinawanenera: "Aaa, inunso! Wa mbewa! Auzeni afulumire, takhala tikudikira chaka chonse."

Anachotsa chikhatho n'kunena kuti, "Ya mbewa." A Evelyn anamva mawu awo okha. Fomu yopanda mtundu wa nyama ija ndinalembanso ndine, ndikuthamangira galimoto yopita ku Lilongwe. Funso lija likanabwera m'Chingerezi ndikanadzidzimuka, poti m'Chingerezi ndimakhala wa digiri. Linabwera m'Chichewa, m'chipinda cha a Kalekeni, ndipo ndinayankha monga timayankhulira m'chipindamo. Munthu yekhayo amene anakumbukira kuti mbewa ndi ina, khoswe ndi wina, ndi yemweyo amene akuchotsedwa chifukwa chosadziwa kusiyana kwake.

Dzulo masana ndinawapeza akusintha utuchi m'makola a nyama zobereketsa zimene zatsala. Anandilonjera ngati palibe chachitika. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali.

"Bambo Kalekeni, bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Anandifunsa ngati ndinanena ya mbewa. Ndinanena. Bodza lili pati?"

"Koma ndinakuuzani ndine."

"Zimenezo sanandifunse." Anatulutsa kamwana ka nyama, kofiira ngati chala, n'kukasuntha bwinobwino. "Tsekani chitseko, mphepo ikulowa."

Ndinatseka. Ndinati ndipita kwa a Dokotala, ngakhale mumtima sindinali wotsimikiza. Ndikuganiza kuti ndinkafuna andiletse, ndipo anandiletsadi.

"Mupite mukatani? Tamverani, aNachisale. Akazi anga anathyoka mwendo zaka zinayi zapitazo akutsika pa ngolo ya fodya. Mpaka lero amayenda ndi ndodo. Kuchipatala anati ndi ukalamba, kumudzi anati anawaponda. Munthu woyamba kufunsa ngati ndi fodya ndinu. Ine ndikachoka, izi adyetsa wina, kudyetsa sikufuna sukulu. Ndikabwerera ku Kaomba, khasu silinandiiwale. Inu akakutsekerani njira, adzafunsenso ndani za mafupa a akazi athu?"

"Koma cholakwa ndi changa."

"N'chanu, inde, ndipo munandikalipira pamaso pa izi, sindinaiwale." Anaseka pang'ono. "Koma akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamugenda, waswa mkhate."

Miyezi isanu ndi iwiri ndagwira nawo ntchito, aka kanali koyamba kuwamva akutchula dzina limenelo m'chipinda chimenecho osatsitsa mawu. Ndipo ankanena ine. Wakuba, woboola thumba la mwini. Sanatanthauze kunditukwana, ndikudziwa, koma liwulo silikundichoka m'mutu kuyambira dzulo.

Sindikubisirani, achimwene, ndikufuna kubwera. Ndikufuna ndi mtima wanga wonse. Ndatopa ndi labu imene kale inali ofesi ya esiteti, imene furiji yake timaipempherera mitambo ikaphimba sola. Ndatopa kudikira kabokosi kamodzi masabata asanu ndi awiri pamene kwanuko amangotsegula kabati. Anzanga a m'kalasi ena ali kale kunja, ine ndikutola mame m'minda ya anthu ndi botolo. Ndipo zimene a Kalekeni ananena si zopusa. Ndikapita ndidzabwera ndi maphunziro, ndidzawathandiza iwo ndi akazi awo kuposa mmene ndingawathandizire pano. Ndakhala ndikudziuza zimenezi tsiku lonse, ndipo zikumveka bwino kwambiri, ngati mmene manambala aja ankaonekera bwino Lolemba.

Abambo anandiuza nditangoyamba ntchitoyi kuti, "Fodya ndiye anakuphunzitsa, lero ukumuzenga mlandu ndi mboni za makoswe." Ndinawayankha mwamatama kuti choona ndi choona ngakhale chipweteke mwini munda. Ndinkaganiza kuti mwini munda nthawi zonse adzakhala munthu wina.

Sindikupempha malangizo, poti kalatayi idzafika zonse zitachitika. Ndiyamba ndaima pano. Envelopu sindimata, Sabiha ndi wa Loweruka.

Lachisanu, masana.

Ndapitiriza ndi cholembera china, chija chatha inki.

A Kalekeni anabwera m'mawa atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anayamba adyetsa nyama, anasintha madzi, anasesa, kenako anapachika makiyi pa msomali n'kupita ku ofesi ya a Dokotala. Ine ndinali pa benchi langa ndikupukuta paipeti imene ndinali nditapukuta kale. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Ndinaona envelopu ziwiri pa tebulo, ina ya khaki, ina yoyera. Ndinadziwa kuti yoyerayo ndi yanga.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona a Kalekeni akupukuta dzanja pa jekete kuti alandire envelopu ndi manja awiri, monga munthu amalandirira mphatso, ndipo miyendo yanga inanyamuka yokha.

"A Dokotala, odi."

"Dikira, Nthanda, ndili ndi bambo Kalekeni."

"Ya mbewa ndinanena ndine."

A Kalekeni anatembenuka. "ANachisale, pitani mukaone furiji, ikulira."

"Furiji ili bwino, abambo." Ndipo ndinanena zonse, za magolovesi, za fomu, za mmene anayesera kundikumbutsa ine n'kuwadula. Ndinabwereza ngakhale "Aaa, inunso" ija. Mawu ankatuluka ngati a munthu wina.

A Dokotala anafunsa a Kalekeni ngati zili choncho. Iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ine makutu anga ndi okalamba, a Dokotala, za mu Januwale sindingazikumbuke."

"Lachiwiri munazikumbuka bwino," anatero a Dokotala. Anatenga envelopu ya khaki n'kuiika m'dirowa. "Katengeni makiyi anu. Ndipo mundikhululukire, ndinakunyozani pamaso pa mwana." Kenako anatenga yoyera ija. Sanaing'ambe, anangoigwira.

"Lachiwiri unaima pamenepo, n'kundithokoza."

"Inde."

"Lachitatu. Lachinayi."

"Inde."

"Munthu wosawerenga bokosi ndingathe kumuphunzitsa, ndipo ndinalemba choncho m'kalatamu. Koma ndinalembanso kuti ndiwe munthu amene manambala ake ndingawakhulupirire ndili kutali. Lero sindikudziwa. Wa masiku atatu aja ndiyenera ndimuone kaye. Chaka chino sindisaina."

Ndinafuna kunena kuti koma ndabwera ndekha, palibe anandikakamiza. Koma a Dokotala anapitiriza. Anati ntchito sandichotsa, koma a ku ofesi ndiwalembere ndekha lipoti, dzina langa pansi. Apempha kiti ina, ya khoswe, ndipo ngati ivomerezedwa idzafika mwina mu Juni. Timachubu tachiwiri tija tilipo tonse makumi awiri ndi tinayi, timene ndinkati n'kuchedwetsana. Amenewo ndi magazi otsiriza, ndipo tsiku lotsegula kiti ndidzawerenga bokosi mokweza, iwo ndi a Kalekeni akumva. Kufikira tsikulo, m'mawa uliwonse ndizikayamba ku makola, pansi pa a Kalekeni, kusintha utuchi.

Mukuganiza kuti a Kalekeni anandithokoza? Titatuluka sanandiyankhule mpaka nthawi ya nkhomaliro. Kenako anabwera pa benchi langa, jekete atavula.

"Mwaswa mkhate," anatero.

"Sunasweke, abambo. Uli mu furiji."

"Mwana wamakani ngati bambo ake." Anaponya kaundula patsogolo panga. "A Dokotala akuti kuyambira lero tizilemba dzina la m'mabuku. Lembani ndinu, dzanja langa likukana. Koma m'chipinda muja musakalitchule mokweza."

Ndinalemba. Iwo anayang'ana kumbali.

Ndiye yankho la funso lanu ndi limeneli, achimwene: zotsatira sizinatuluke, ndipo sindikudziwabe ngati fodya amachedwetsa fupa kapena ayi. Mwina mu Juni timaenje tidzati inde, mwina tidzati Nthanda unkalota. Chaka chino sindibwera. Ndalira kuseri kwa thanki ya madzi, ndasamba kumaso, ndipo ndikadali wokwiya, kungoti sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, musawaimbire amayi za nkhaniyi. Lamulungu ndikupita ndekha ku Lukwa, ndikawauza tikusoka fodya, kuti maso awo akakhale pa masamba osati pa ine. Za amayi a Chigwirizano sindikudziwa kuti akazikonza bwanji. Chachiwiri, mukapeza mpata mundifunsire ku sukulu kuja ngati munthu amaloledwa kupemphanso chaka chamawa. Musafotokoze zambiri, mungofunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti makatani amene anasoka asawachotse, dzuwa la chaka chimodzi silingawathe. Favour agone m'chipindamo kuti chisazizire, koma mumuuze m'Chichewa kuti ndi chobwereka, mwini wake akubwera. Abambo ndi amayi akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba. A Kalekeni ndawauza kuti kalatayi ndi yanu. Akuti mukadali ndi galimoto ya mawaya ija kapena munagula yeniyeni? Akutinso musade nkhawa za mlongo wanu, Lolemba akamuyambitsa pa makola a kumapeto, kumene kuli zoluma.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu, wotsala kuno ndi mbewa zathu,

Nthanda